Cimbudzi Cikadzaza, Zonyansa Zimapita Kuti?

Lero tiwerenga nkhani imene anthu ambiri amacita nayo manyazi. Ndi nkhani ya cimbudzi. Tisaseke ayi. Tonse timadya, ndipo tonse timapita kuseri. Amene anaikapo mwana m'manda cifukwa ca kutsegula m'mimba akudziwa kuti nkhaniyi si yoseketsa.

Kwathu kuno ku Tsangano ndi ku Macanga, cimbudzi cikadzaza sitivutika kwambiri. Timakwirira dzenjelo, nkukumba lina capambali. Malo alipo. Koma ambiri a ife tili ndi ana kapena abale ku Tete ndi ku Moatize. Tikapita kukawaona timapeza nyumba zothinana ndi mabwalo aang'ono. Cimbudzi ca mnansi cimakhala pafupi ndi pophikira pathu. Pokumba dzenje laciwiri palibe. Nanga cikadzaza amatani? Zonyansazo zimapita kuti?

Funso limeneli lavutitsa mizinda ya dziko lathu kuyambira nthawi ya atsamunda. Tiyeni tione m'mene mizindayo yalimbanirana nalo. Mbiri imeneyi itithandiza, pakuti nawonso mavila athu akukula.

Mizinda iwiri mu mzinda umodzi

Pa nthawi ya Apwitikizi mzinda uliwonse unali ndi mbali ziwiri. Mbali imodzi inali ya nyumba za simenti, kumene kunkakhala atsamunda. Mbali ina inali ya nyumba za bango ndi malata, kumene kunkakhala anthu akuda. Zinali conco ku Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo. Zinali conco ku Beira. Zinali conco ku Tete.

Ku mbali ya simenti anakumba ngalande, naikamo mipope pansi pa misewu. Munthu akathira madzi m'cimbudzi, zonyansa zinkatsata mpope. Koma mpopewo sunkapita kumalo oyeretsera madzi. Unkangothira m'nyanja kapena mumtsinje. Ku Lourenço Marques unkathira m'nyanja ya mcere. Ku Tete unkathira mu Zambezi.

Ku mbali ya bango kunalibe mipope. M'mabairro ena a Lourenço Marques anthu ankadzithandiza m'zidebe. Usiku kunkabwera anchito a mzinda kudzasenza zidebezo. Ambiri mwa iwo anali Achopi. Nchito yawo inali yonyozeka ndi ya malipiro ocepa, koma popanda iwo mzinda sukanakhalika.

Motero pamene tinalandira ufulu pa 25 Juni 1975, tinalandira mizinda imene mipope yake inapangidwira anthu owerengeka cabe.

Fossa ndi imfa yake

Nyumba zambiri za simenti zimene zinali kutali ndi mipope zinali ndi fossa. Mpaka lero fossa timaiona pa zipatala, pa masukulu ena ndi pa nyumba za boma. Tiyeni tiidziwe bwino.

Fossa ndi thanki ya simenti yokwiriridwa pansi. Kawirikawiri imakhala ndi zipinda ziwiri. Zonyansa zimalowa m'cipinda coyamba pamodzi ndi madzi. Zolemera zimatsika pansi ngati matsokwe. Tizilombo tosaoneka ndi maso timazidya pang'onopang'ono. Madzi a pamwamba amalowa m'cipinda caciwiri, kenaka amatulukira m'dzenje la miyala, nalowerera m'nthaka.

Anthu ena amaganiza kuti fossa sidzaza. Limeneli ndi bodza. Matope a pansi amakwera caka ndi caka. Pakapita zaka zingapo amafunika kupopedwa. Akapanda kupopedwa, matopewo amasefukira m'dzenje la miyala lija, nalitseka. Tsono madzi oipa amabwerera m'nyumba, kapena amatumphukira pabwalo ndi mumsewu pamene ana amasewera.

Fossa imafanso pa zifukwa zina. Pamene pali thanthwe, madzi salowa pansi. Pamene madzi a pansi ali pafupi, dzenje limadzaza lokha m'dzinja. Simenti ikang'ambika, zonyansa zimatuluka mobisika. Ndipo tisaiwale ici: madzi otuluka mu fossa, ngakhale aoneke oyera, amakhala ndi tizilombo ta matenda.

Citsime ca ku London

Kodi madzi olowa pansiwo amathera kuti? Yankho linapezeka kale ku England, mu mzinda wa London.

M'caka ca 1854 kolera inabuka m'dera lina la mzindawo. Anthu oposa 600 anamwalira m'milungu yowerengeka. Nthawi imeneyo ambiri ankakhulupirira kuti nthendayi imabwera ndi fungo loipa. Dokotala wina, dzina lake John Snow, sanavomereze. Anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene omwalirawo ankatunga madzi. Anapeza kuti ambiri ankatunga pa mjigo umodzi, pa msewu wa Broad Street. Akuluakulu a deralo anamvera, nacotsa cogwirira ca mjigowo.

Pambuyo pake anakumba pafupi ndi citsimeco. Anapeza dzenje la zonyansa lowonongeka, pa mtunda wosakwana mita imodzi. M'dzenjemo mayi wina ankathiramo madzi ocapira matewera a mwana wake wodwala. Mayiyo sanafune kupha munthu. Anangothira m'dzenje la pakhomo pake, monga ticitira tonse.

M'caka ca 1858 mtsinje wa Thames unanunkha kwambiri, mpaka aphungu a nyumba ya malamulo analephera kupirira. Apo ndi pamene boma linalola mmisiri Joseph Bazalgette kumanga ngalande zazikulu zotengera zonyansa za mzinda kutali ndi anthu.

Phunziro lake ndi ili. Pamwamba pa nthaka pali mipanda, uku kwanga, uko kwako. Pansi pa nthaka palibe mpanda. Dzenje ndi la mwini, koma madzi a pansi ndi a tonse.

Caka ca 1976 ndi laje ya simenti

Tibwerere kwathu. M'caka ca 1976 Unduna wa Zaumoyo unayambitsa nchito yaikulu m'dziko lonse, yakuti mabanja akumbe zimbudzi. Anthu anavomera, ndipo zimbudzi zambirimbiri zinakumbidwa m'nthawi yocepa.

Koma mavuto sanacedwe. M'mizinda mitengo yoyala pa dzenje inali yosowa ndi yodula. Anthu anayala matabwa owola ndi malata akutha. Mvula itabwera, zimbudzi zambiri zinagwa. Zina zinakhala zisa za nchenche. Makolo ankaopa kuti ana agweramo, ndipo ana anapitiriza kudzithandiza kuseri kwa nyumba.

M'caka ca 1979 ku Maputo anayamba kufufuza njira ina. Pakati pa ofufuzawo panali mmisiri wa ku Sweden, Björn Brandberg. Iwo anapanga laje yozungulira ya simenti, yotambalala mita imodzi ndi theka. Inali yotukuka pakati ngati mbale yovundikira. Cifukwa ca kutukukako inkalimba popanda zitsulo m'kati mwake. Inali ndi popondapo mapazi, bowo laling'ono loti mwana sangagweremo, ndi civundikiro cotseka bwino kuti nchenche ndi fungo zisatuluke. Asanaigulitse, anthu angapo ankaimirira pamwamba pake kuti aone ngati ili yolimba.

Malo oyamba oumbira malajewa anali m'bairro la Maxaquene. Cimbudzi cotere anacicha latrina melhorada, ndiko kunena kuti cimbudzi cokonzedwa bwino. M'caka ca 1985 nchitoyi inafalitsidwa ku mizinda ya dziko lonse. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, malaje oposa 200,000 anali atagulidwa. Izi zinacitika ngakhale kuti zaka zambiri mwa zimenezo dziko linali pa nkhondo.

Brandberg yemweyo anakagwiranso nchito ku Malawi. Kumeneko anapanga laje yaing'ono ya ngodya zinayi, imene amaicha sanplat. Akuluakulu ena a m'makalasi mwathu, amene anathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza pa nthawi ya nkhondo, amaikumbukira.

Laje inali cinthu cabwino. Koma mtengo wake unali wotsika cifukwa maiko akunja ankathandiza kulipira. Thandizolo litacepa, malo ambiri oumbira anafooka. Ndiponso laje inangokonza pamwamba pa dzenje. Funso la pansi linatsala losayankhidwa.

Maiwe a ku Infulene

Nkhondo inathamangitsira anthu ambiri m'mizinda. Mtendere utabwera m'caka ca 1992, ambiri sanabwerere kumudzi. Mabwalo anagawidwa, nagawidwanso. Maenje anadzaza, ndipo pokumba ena panalibe.

M'mabairro othinana a Maputo, monga Chamanculo, galimoto yopopa sinkatha kulowa m'tinjira. Banja linkaitana anyamata usiku. Iwo ankatapa zonyansa ndi zidebe, nazikwirira pabwalo pomwepo, kapena kuzitaya m'ngalande ya madzi a mvula. Pakhomo pamene atapa pankayera. Bairro lonse linkaipa.

Tsono mzinda unafunika malo amodzi olandirira zonyansa za onse. Ku Maputo malo otere anamangidwa m'zaka za m'ma 1980, m'cigwa ca Infulene. Si nyumba ya makina ambiri ayi. Ndi maiwe aakulu okumbidwa ndi anthu, olumikizana motsatana. Madzi oipa amayamba kulowa m'dziwe lakuya, mmene matope amatsika pansi. Kenaka amapita m'dziwe lotambalala losaya. Mmenemo dzuwa, mphepo ndi ndere zimagwira nchito yopha tizilombo. Madzi amakhala masiku ambiri asanatuluke. Magalimoto opopa mafossa amakakhuthulanso komweko.

Koma maiwe nawonso amafuna cisamaliro. Kwa zaka zambiri a ku Infulene sanacotsedwe matope, ndipo anadzaza monga fossa ya pakhomo. Madzi ankatuluka osayera bwino, pamene kumunsi kwake alimi amathirira ndiwo zamasamba zogulitsa m'misika. Komanso m'zaka za m'ma 2010, nyumba zolumikizidwa ku mipope mu Maputo zinali pafupifupi imodzi yokha pa nyumba 10 zilizonse.

Cifukwa ca ici khonsolo ya mzinda, pamodzi ndi bungwe la WSUP, inayesa njira ina ku Chamanculo ndi mabairro oyandikana nawo. Mabanja a pabwalo limodzi anamangiridwa cimbudzi cimodzi colimba, cokhala ndi fossa. Iwo eni anasankha owayang'anira, nagawana masiku osesa, nasonkha ndalama. Anakhazikitsanso timagulu ta anthu otapa zonyansa ndi zipangizo zoyenera, masana poyera, ndi kukazitula kumalo ovomerezeka.

Mizinda ina inacita zofanana. Beira, mzinda wa pacidikha pafupi ndi nyanja, unakonzanso mipope yake yakale, ndipo m'caka ca 2012 unatsegula malo ake oyeretsera madzi oipa, ndi thandizo la maiko a ku Ulaya. Ku Lusaka, m'dera la Kanyama, m'caka ca 2013 anayamba kutapa zimbudzi ndi kunyamula zonyansa m'migolo yotseka. Zikaola ndi kuuma, amazigulitsa ngati manyowa.

Nanga ku Tete?

Tete ndi mzinda wathu. Pa kalembera wa 1997 unali ndi anthu pafupifupi 100,000. Malasha a ku Moatize atayamba kukumbidwa mwamphamvu m'caka ca 2011, anthu anakhamukira kumeneko kufuna nchito. Pa kalembera wa 2017 anali ataposa 300,000. Mabairro monga Matundo ndi Chingodzi anakula msangamsanga. Akulu anati walira mvula walira matope. Anthu anaculuka katatu, koma mipope inatsala yomwe ija ya atsamunda, yokalamba, ya pakati pa mzinda pokha.

Tete ali ndi mavuto akeake. Malo ambiri ndi a miyala, ndipo dzenje silipita patali. Dzenje losaya limadzaza msanga. Mvula yamphamvu ikagwa, imakokolola zonyansa kutsikira nazo kumunsi.

Kumunsiko kuli cigwa ca Nhartanda. M'cigwa cimeneci muli zitsime zakuya zimene zimapatsa mzinda gawo la madzi ake akumwa. Nthaka yake ndi ya mcenga, yolowa madzi msanga. M'mbali mwake anthu amangamo nyumba, akumba zimbudzi, ndipo ena amatayamo zinyalala. Akatswiri amene anayeza madzi a m'cigwaco anacenjeza kuti zonyansa zikhoza kufika ku zitsimezo. Kodi si nkhani ya Broad Street yomwe ija?

Kumayambiriro kwa caka ca 2015 kolera inabuka m'dziko muno, ndipo Tete ndi Moatize anali pakati pa malo amene anavutika kwambiri. Anamanga misasa yapadera yogonekamo odwala. Kolera sinafunse amene ali ndi fossa ndi amene alibe.

M'caka ca 2019 Banki ya Dziko Lonse inavomera kupereka madola 115 miliyoni ku nchito ya ukhondo m'mizinda isanu: Maputo, Beira, Nampula, Quelimane ndi Tete. Colinga cake ku Tete cinali kukonza mipope, kumanga malo oyeretsera madzi oipa asanalowe mu Zambezi, ndi kuthandiza mabanja a m'mabairro kukhala ndi zimbudzi zotheka kupopa. Apa tikuona kuti maganizo anasintha. Kale ankaganiza za mipope yokha, kapena za laje yokha. Tsopano anaona kuti nchitoyi ili ngati unyolo: kusunga zonyansa bwino, kuzitapa, kuzinyamula, ndi kuziyeretsa pamalo amodzi. Mphete imodzi ikaduka, unyolo wonse waduka.

Ife kuno titani?

Wina anena kuti, "Izo ndi za m'tauni, ife zitikhudza bwanji?" Zikutikhudza pawiri.

Coyamba, madzi amatsika. Mitsinje yambiri ya kumapiri kwathu kuno imathira mu Revúbuè, ndipo Revúbuè amathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Cimene titaya kumtunda, ana athu amacilandira kumunsi. Matenda nawonso amakwera basi. M'caka ca 2022 kolera inabuka ku Malawi, ndipo pofika 2023 inali itapha anthu oposa 1,700. M'zaka zomwezo inafalanso kwathu, kuyambira ku Niassa mpaka m'cigawo ca Tete. Ife tili pamalire, ndipo tsiku la msika timadyera mbale imodzi ndi a kutsidya.

Caciwiri, malo athu akukula. Taonani vila ya Furancungo nthawi yogulitsa fodya. Taonani Tsangano, Ntengo-wa-Mbalame ndi msika wa Biribiri nthawi ya mbatata ya kacewere. Anthu mazanamazana amasonkhana pamalo amodzi. Zimbudzi zilipo zingati? Zikadzaza adzatapa ndani? Adzataya kuti? Matundo nayenso anali ndi malo ambiri kale.

Mwayi wathu ndi wakuti tidakali ndi malo ndi nthawi. Pali zinthu zimene tingacite osadikira ndalama za kunja.

Tikumbe cimbudzi kumunsi kwa citsime, osati kumtunda, ndipo citalikire mamita 30 kapena kuposa. Tisakumbe m'dambo, kumene madzi a pansi ali pafupi.

Titseke bowo ndi civundikiro. Tiike madzi ndi sopo kapena phulusa pakhomo pa cimbudzi. Zonyansa za khanda tizitaye m'cimbudzi momwemo, pakuti nazonso zimapatsa matenda.

Tiphunzire kwa anzathu a ku Niassa. Kumeneko bungwe la ESTAMOS, lotsogozedwa ndi Feliciano dos Santos, linaphunzitsa anthu kukumba maenje awiri osaya. Banja limagwiritsa nchito limodzi, ndipo aliyense akatha amathira dothi ndi phulusa. Likadzaza amalitseka, nasamukira ku linzake. Lotsekedwalo limasiyidwa caka cathunthu kapena kuposa, mpaka za m'kati zisanduke manyowa. Motero malo amodzi amakwanira zaka zambiri. Cifukwa ca nchito imeneyi dos Santos analandira mphoto ya Goldman m'caka ca 2008.

Cacikulu koposa, tikhale pansi ndi anyakwawa, mafumu, a zaumoyo ndi oyang'anira misika. Tifunse kuti fossa ya pa sukulu ndi ya pa cipatala inapopedwa liti, ndipo matope ake amatayidwa kuti. Tifunse kuti ndalama za msonkho wa pamsika zikusamala bwanji cimbudzi ca pamsikapo. Tipemphe kuti pogawa malo omanga nyumba, apatule malo ena kutali ndi zitsime, oti mtsogolo mudzakumbidwe maiwe a vila yonse. Malo otere akagawidwa kwa anthu, kuwapezanso kumavuta.

Mutu umodzi susenza denga. Munthu akhoza kukumba dzenje yekha, koma sangathe kuteteza citsime yekha. London anaphunzira zimenezi atataya anthu ambiri. Maputo ndi Tete anaphunzira maenje atadzaza kale. Ife tawerenga mbiri yawo zitsime zathu zidakali zabwino.

Mawu oti tilembe

cimbudzi, citsime, fossa, laje, mpope, dziwe, kolera, phulusa

Mafunso oti tikambirane

1. Kodi fossa imagwira nchito bwanji? Chulani zinthu ziwiri zimene zimaiwononga.
2. John Snow anapeza ciyani pa msewu wa Broad Street m'caka ca 1854?
3. Cifukwa ciyani zimbudzi zambiri za 1976 zinagwa? Laje inathandiza bwanji?
4. Cifukwa ciyani anthu a ku Tete ayenera kusamala cigwa ca Nhartanda?
5. Mawa poyenda, werengani mapazi kucokera pa citsime canu kufika pa cimbudzi capafupi. Lembani nambalayo m'kope, mubwere nayo m'kalasi.